Ndinapita ku Italy kukaona Lameck Banda, ndinabwerako nditadya nyemba chabe

Amene mukhala ku Chelstone mudziwa kuti ndeke sitiziona pa TV. Zimapita pamwamba pa malata athu, kuseni ndi madzulo, mpaka mwana wa chaka chimodzi saziyang'ananso. Ine ndakulira pafupi ndi tanki, ndipo kwa zaka 26 nchito yanga inali kuweramutsa mutu ndi kukamba kuti "apita anzathu." Airport ili apa chabe, ukapitirira roundabout, koma kwa ambiri a ife ili kutali kupambana Chipata.

Manje mwezi watha ndeke imodzi inanyamula ine. Ndinakhala masiku anayi mu tauni ina ya ku Italy yochedwa Lecce. Ena mwaona kale zithunzi pa Facebook ndipo mwanditumira mameseji ati "wapeza mzungu?" kapena "wawina bet?" Awe. Khalani pansi ndikuuzeni zoona zake, ndi zochititsa manyazi zomwe.

Ndalama inachokera mu chilimba. Tili asanu ndi mmodzi mu gulu lathu, ndipo ndinasunga zolandira zanga maulendo atatu osakhudzako olo ngwee. Zaka ziwiri ndili ndi foni yong'ambika galasi, wigi imodzimodzi, nsapato za pa salaula. Amai akulu, achemwali awo a amai anga, ndi asisitere ku Rome. Iwo ndiye analemba kalata yondiitana ndi kundipatsa pogona usiku woyamba ndi womaliza. Popanda iwo ulendo uyu ukanathera pakamwa.

Amai anga sanakondwere. Tsiku limene ndinawauza anali kusankha kapenta pa lichero, sanakweze ndi mutu womwe.

"Iwe, ndalama yonse iyo ufuna ukaponye mu ndeke? Nyumba ilibe siling'i. Ma blocks angati ungagule?"

Ndinawayankha kuti ndipita kukagwira nchito. Linali theka la boza. Cholinga changa chinali kukaona Lameck Banda akumenya bola pa bwalo la timu yake. Mnyamata uyu, wobadwira mu Lusaka muno, anapita ku Lecce mu 2022 ndipo anakhala munthu woyamba wa ku Zambia kusewera mu Serie A, ligi yaikulu ya ku Italy. Ndinaganiza kuti ndikalemba nkhani yakuti mtsikana wa ku Chelstone anakhala pa Stadio Via del Mare ndi mbendera ya Zambia, dzina langa lidzamveka mu tauni.

Tiyambe ndi mapepala, kaili ambiri mwafunsa. Italy ili mu Schengen, ndiye ufunika visa. Malipiro ake ndi ma euro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo akakukana ndalama sibwerera. Afuna pasipoti, kalata ya ku nchito, bank statement, tikiti yopita ndi yobwerera, umboni wa kumene ukagona, ndi inshuwalansi ya chipatala yofika ma euro 30,000. Musachite mantha, simulipira 30,000 imeneyo. Ndi malire a zimene inshuwalansi ingakulipilireni mukadwala. Ndeke yochoka pa Lusaka kupita ku Italy osaima kulibe. Ine ndinadzera ku Addis Ababa, n'kutsikira ku Rome. Kuchoka pa siteshoni ya Termini mu Rome kufika ku Lecce ndi maola opitirira asanu pa sitima. Mukayang'ana mapu, Italy aoneka ngati jombo. Lecce ili ku chidendene kwenikweni, m'chigawo cha Puglia.

Manje imvani uchitsiru wanga. Pamene ndinagula matikiti, ndandanda ya ligi inangoonetsa kuti Lecce isewera pakhomo kumapeto kwa sabata imeneyo. Mu mutu mwanga bola ni pa Sondo, monga ku Woodlands Stadium. Sindinadziwe kuti ku Italy masewera a sabata imodzi amawagawa kuyambira pa Chisanu mpaka pa Mande chifukwa cha TV, ndipo tsiku lenileni amalengeza patatsala masabata ochepa. Masewera anga anagwera pa Mande usiku. Sitima yanga yobwerera ku Rome inali pa Mande kuseni, ndeke pa Chiwiri. Tikiti yotchipa sisinthika.

Ndinadziwa izi nditafika kale, ndili pa bedi m'kachipinda kamene ndinachita lendi. Ndinalira, anzanga, osati pang'ono. Chilimba cha zaka ziwiri. Ndinaganiza za siling'i ya amai. Ndinatumira foni amai akulu ku Rome, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, wapita mpaka uko kukaona munthu wa ku Lusaka? Samba kumaso, tuluka, ukadye."

Ndinatuluka. Inali 14 hours, ndipo tauni yonse inali zii ngati kwagwa maliro. Masitolo otseka, misewu yopanda munthu. Kumwera kwa Italy anthu amatseka cha m'ma 13 hours, n'kupita kunyumba kukadya ndi kupumula, n'kutsegulanso cha m'ma 17 hours. Tangoganizani Kamwala yonse itseke masana ati tapita kukagona. Ndinapeza kabala kamodzi kotsegula. Kumeneko bala si malo a mowa chabe, ndi malo a khofi ndi tokudya tapamwamba. Mnyamata wogulitsa anandifunsa kumene ndachokera. Nditakamba Zambia, anamenya tebulo.

"Banda!"

Anaitana ndi mnzake wa kukhichini kuti adzaone munthu wa kwawo kwa Banda. Chizungu chake chinali chochepa, Chitaliyana changa chinali mawu asanu, koma tinamvana. Anandipatsa rustico, kachitumbuwa kozungulira ka ufa wopyapyala, m'kati muli tchizi ndi tomato, kotentha. Ma euro awiri ndi kanthu pamwamba. Kenaka anandipangira caffè leccese: khofi wakuda wothira pa ayisi, ndi madzi otsekemera a mtedza wa almond. Ine amene ndimamwa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndinamva ngati ndafika kwathu.

Phunziro loyamba la ndalama ndinalipeza pomwepo. Ukamwa khofi choimirira pa kauntala ulipira pang'ono, ukakhala pa tebulo panja, makamaka pamalo pamene pali alendo ambiri, mtengo umakwera. Ku lesitilanti kuli kena kochedwa coperto, ndalama ya mpando, mbale ndi buledi, ma euro awiri kapena atatu pa munthu. Si kuba, zimalembedwa pa menu. Ndipo madzi akumwa saperekedwa ngati mbasela, ugula botolo.

Tsiku lachiwiri ndinayenda pansi kuyambira kuseni. Pakati pa Lecce sipafuna basi. Nyumba zakale zonse anamanga ndi mwala umodzi wa komweko, wamtundu ngati uchi, wofewa kotero kuti amisiri amausema ngati sopo. Ndiye chifukwa chake makoma a matchalichi ndi odzala maluwa, angelo, zipatso ndi nyama zosema. Tchalichi cha Santa Croce anayamba kumanga mu 1549 ndipo chinatenga zaka zopitirira 100 kuti chithe. Ndinaima pamaso pake mphindi makumi awiri pakamwa pali yasa. Ndinakumbukira nyumba zathu za ku Obama zimene zakhala pa window level kuyambira ndili giredi seveni, n'kuona kuti mwina tisamaziseke kwambiri.

Pakati pa tauni pali bwalo lochedwa Piazza Sant'Oronzo. Pansi pake pali bwalo la masewera la Aroma akale, la zaka pafupifupi 2,000, kumene anthu anali kuonerera amuna akumenyana ndi zilombo. Linakwiririka kwa zaka mazana ambiri mpaka kuchiyambi kwa ma 1900, pamene anthu okumba maziko a banki analipeza. Mbali ina ikali pansi pa nyumba zozungulira mpaka lero. Ndinakhala pa khoma n'kudziuza kuti ndabwera kudzaona stediyamu, ndipo nayi stediyamu, olo kuti osewera ake anamwalira kale.

Koma malo amene anandiseketsa kwambiri ndi Museo Faggiano. Iyi inali nyumba wamba. Mwini wake, Luciano Faggiano, anafuna kutsegulamo malo odyera, koma paipi ya chimbudzi inali kuvuta. Kuchiyambi kwa ma 2000 iye ndi ana ake anayamba kukumba kuti aikonze. M'malo mwa paipi anapeza manda akale, zipinda zapansi, mosungira tirigu, miphika, zinthu za mibadwo yosiyanasiyana zosanjikizana. Anakumba zaka ndi zaka, ndipo nyumba inasanduka myuziyamu. Ife ku Chelstone paipi ikaphulika timapeza ma diaper ndi mapulasitiki. Ndinalipira ma euro ochepa, n'kutsika masitepe opapatiza mpaka pansi, ndikuseka ndekha ngati wofuntha.

Manje nkhani ya chakudya, imene ndiyo yandichititsa kulemba zonsezi.

Ndinapita ku Italy ndi maganizo a pizza ndi nyama, monga timaonera ku East Park ndi ku Manda Hill. Madzulo a tsiku lachiwiri ndinalowa mu trattoria, malo odyera a banja, ngati matebeto athu koma ndi nsalu pa tebulo. Ndinafika 18:30 njala itandigwira, n'kupeza akali kusesa. Kumeneko chakudya cha madzulo chimayamba 20 hours kupita kutsogolo. Nditabwereranso, ndinauza amai operekera kuti andipatse chimene anthu a mu Lecce amadya kunyumba kwawo. Anamwetulira ngati ndawapatsa mphatso.

Mbale inabwera. Mbali imodzi nyemba zophika mpaka kusanduka phala. Mbali ina masamba obiriwira owiritsa, owawa ngati impwa. Pamwamba mafuta a olive, pambali buledi. Dzina lake fave e cicoria. Ndinayang'ana mbale, ndinayang'ana amai aja. Nyemba ndi ndiwo zamasamba. Chakudya cha pa 25 ya mwezi, malipiro akalibe kulowa. Chimene timabisa mlendo akagogoda pa geti.

Pa tebulo loyandikana panali bambo wa suti ndi mkazi wake wa ndolo zagolide. Anali kudya zomwezo, akupukuta mbale ndi buledi.

Ndinadya, ndipo zinali zokoma kwambiri. Nyemba zofewa zimaziziritsa kuwawa kwa masamba, mafuta amamanga zonse pamodzi. Masiku otsatira ndinapitiriza. Ciceri e tria ndi pasta yophika ndi nsawawa zina zoyera zochedwa chickpeas, ndipo pasta ina amaikazinga kuti ikhale yokhukhuta m'kamwa, poti kale nyama inali yosowa. Orecchiette ndi tupasta tooneka ngati tumakutu, tophika ndi masamba ofanana ndi repu kapena mpiru wathu. Frisa ndi buledi wouma gwa, amene amauviika m'madzi, n'kuikapo tomato, mchere ndi mafuta. Ndani wa ife sanaviikepo banzi ya mailo mu tiyi? Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anailemba pa menu ndi kuika mtengo.

Ali ndi dzina la zakudya izi: cucina povera, kuphika kwa amphawi. Saliona ngati chitonzo. Kumwera kwa Italy kunali umphawi waukulu, anthu mamiliyoni anathawira ku America ndi kumpoto kukasakila nchito. Amene anatsala anadya zimene munda ndi thengo zinapereka. Zinthu zitasintha sanataye mphika wa agogo awo. Anauika pa tebulo la alendo.

Sindikamba kuti zonse ndinazikonda. Pali pezzetti di cavallo, nyama ya hachi yophika mu tomato. Ndinalawa chidutswa chimodzi kuti ndisaname mu nyuzipepala. Imakoma ngati ng'ombe, koma mtima unakana. Ndipo chenjerani ndi puccia, buledi wokhala ndi ma olive m'kati: ma olive ake sachotsa njere. Ndinatsala pang'ono kusiya dzino ku Ulaya. Chimene ndingabwerere mawa ndi pasticciotto, kakeke kodzala kasitadi, kamene amadya kuseni kakali kotentha.

Pa Chiwelu madzulo ndinaona chinthu china chaulere. Dzuwa likalowa tauni yonse imatuluka kukayenda. Agogo, makanda m'tungolo, achinyamata ogwirana manja, onse ovala bwino, kungoyenda uku ndi uku, kupatsana moni, kudya ayisikilimu. Amati passeggiata. Palibe cholipira pakhomo, palibe DJ. Ndinakhala pa benchi pafupi ndi amdala ena amene anali ndi sikafu yachikasu ndi yofiira, mitundu ya timu ya Lecce. Atamva Zambia nawonso anati Banda, n'kuonetsa ndi manja kuti mnyamata athamanga. Ine kamwa langa mulidziwa. Ndinalemba pa foni "1988, Zambia 4 Italy 0" n'kuwaonetsa. Pa 19 September chaka chimenecho, pa masewera a Olympics ku South Korea, Kalusha Bwalya anagoletsa zitatu yekha. Amdala anavala magalasi, anawerenga, anagwira pamtima, n'kundigulira ayisikilimu. Anandiuzanso mawu amodzi amene ndinamva bwino: Kariba. Zoona, kampani ya ku Italy yochedwa Impresit ndiyo inamanga damu lija m'zaka za m'ma 1950. Malaiti athu, pamene alipo, ali ndi dzanja lawo.

Koma ndikhala wabodza ndikakuuzani kuti konse kunali kuseka. Munthu wakuda ukayenda wekha kumeneko, ena saganiza kuti ndiwe mlendo wodzaona malo. Mu sitolo ina maso anandilondola kuyambira pakhomo mpaka potuluka. Ndinacheza ndi mnyamata wa ku West Africa amene anali kugulitsa zibangili pamsewu. Anandifunsa kuti ndinabwera bwanji. Nditati pa ndeke, ndipo ndibwerera pa Chiwiri, anandiyang'ana nthawi yaitali. Iye anawoloka nyanja pa bwato. Nthawi yotentha amathyola mavwende ndi tomato m'minda ya ku Nardò, pafupi ndi Lecce, kumene anthu ambiri ochokera ku Africa amagwira nchito yowawa pa malipiro ochepa. Sanaone amai ake zaka zisanu ndi chimodzi. Zithunzi zimene amatumiza kwawo amajambulira pa bwalo lomwelo limene ndinajambulira zanga.

Ndiye imwe amene mwandilembera ati "ukanangotsalira komweko," mvetsani. Visa ya mlendo ikatha ndiwe munthu wobisala. Sungagwire nchito ya mapepala, sungapite kwanu n'kubwerera, ndipo amene anakulembera kalata umawaika m'mavuto. Chithunzi cha pa Facebook sichionetsa kumene munthu agona.

Pa Sondo ndinakwera basi mpaka ku Via del Mare. Mageti otseka, alonda awiri, mphepo. Ndinatulutsa mbendera yanga n'kupempha mayi wina wodutsa ndi galu kuti andijambule. Chithunzi chija munachikonda anthu mazana atatu, cha ine ndikumwetulira pa stediyamu, ndi chimenecho. M'kati munalibe munthu. Masewera ndinawaonera pa TV ku Rome pa Mande usiku, pakati pa asisitere anayi, mmodzi akuwodzera.

Kwa amene mufuna kuyesa ulendo wotere, nazi zimene ndaphunzira ndi ndalama yanga. Musatenge kaloba chifukwa cha ulendo, chikondwerero cha masiku anayi sichilipira nkongole ya chaka. Sankhani tauni yaing'ono, poti pogona ndi chakudya n'zotsika kupambana Rome kapena Venice, ndipo mumayenda pansi. Idyani kamodzi patsiku mu lesitilanti, kwinako gulani buledi, tomato ndi zipatso pa msika. Tikiti ya pepala ya basi kapena ya sitima zazing'ono muidinde pa makina musanayambe ulendo, mukaiwala faindi yake ndi yowawa. Phunzirani buongiorno ndi grazie, zimatsegula nkhope za anthu. Ndipo ngati mupitira bola, yembekezani tsiku lilengezedwe musanagule tikiti iliyonse.

Nditafika kunyumba amai anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi kuona ngati ndaonda.

"Wamuona Banda wako?"

"Sininamuone, amai."

"Nanga unaona chani?"

Pa Chiwelu chotsatira ndinapita pa msika wa Chelstone. Ndinagula nyemba za Kabulangeti, repu ndi bondwe. Ndinaphika nyemba pa mbaula mpaka zitaphwanyika, n'kuzipondaponda ndi mthiko. Masamba ndinangowiritsa ndi mchere ndi adyo. Ndinathira mafuta a olive a m'kabotolo kamene ndinabwera nako, n'kuika mu mbale zija za mu kabati zimene zimatuluka pa Khisimisi chabe. Ndinayala ndi nsalu pa tebulo.

Amai anakhala pansi, anayang'ana mbale, anayang'ana ine.

"Ndiye ndalama ya siling'i inapita kukaphunzira kuphika nyemba?"

Anadya. Anapempha nsima, ati buledi ni ya tiyi. Anawonjezera kachiwiri. Atamaliza anakamba kuti amai awo ku Katete anali kuphika chimodzimodzi, koma ndi nsinjiro m'malo mwa mafuta, ndipo zinali kukoma kupambana izi. Anayamba kundiuza za chipere, za masamba a m'thengo amene maina ake sindinawamvepo, za mmene anali kufutsira ndiwo kuti zifike chilimwe. Zaka 26 m'nyumba imodzi, sanandiuzepo. Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Kaili imwe ana a mu tauni mufuna chicken na chips."

Sabata yamawa apongozi a mkulu wanga abwera kudzacheza. Mwa masiku onse tikanakongola nkhuku ziwiri ndi ma drinks pa kantemba. Ndapempha amai kuti tiphike chibwabwa chotendera, nyemba ndi kapenta wa ku Siavonga, mu mbale za Khisimisi. Akalibe kuvomera. Ati aganizepo, ndipo ati nkhuku imodzi ikhalepo ndithu kuti anthu asatinene.

Chilimba chatsopano chayamba mwezi uno. Zolandira zoyamba ndalonjeza kale: ni za siling'i. Ba Lameck, ngati muwerenga, mukabwera ku Heroes Stadium ndidzakuonani komweko. Basi yake ni yotchipa.